Mizere Itatu ya a Levulo

A Levulo sankakhulupirira munthu aliyense wobwera pa galimoto yolembedwa m'mbali. Pa zaka makumi anayi zimene anakhala akumanga nyumba za anthu, anaona magalimoto otere ambirimbiri. Eni ake ankatsika, kujambula zithunzi, kulemba mayina, kumwa madzi awo a m'botolo, n'kubwerera. Mvula ikagwa, madzi ankalowa m'nyumba monga kale. Dzina loti Levulo anawapatsa ndi amisiri anzawo chifukwa sankasiyana ndi levulo yawo yachikasu yoyezera kuwongoka kwa makoma, ndipo akalowa m'nyumba ya munthu, asanayankhe ndi moni womwe, maso awo ankayamba aona kaye ngati khoma lawongoka.

Dera lawo linali kumunsi kwa mzinda, kumene madzi onse a m'misewu ya kumtunda amathera. Kale madziwo ankangonyowetsa bwalo. Koma kumtunda kutadzaza nyumba, aliyense n'kuwaka bwalo lake ndi simenti, mvula nayo n'kuyamba kugwa ya mwezi wathunthu tsiku limodzi, madzi anayamba kulowa m'nyumba osaodira. Nthawi iliyonse akaphwa, a Levulo ankakhoma msomali pa felemu ya chitseko, pamene matope alekezera. Misomaliyo inalipo isanu ndi umodzi. Wapansi unali m'kakolo. Wapamwamba, wa chaka chatha, unapitirira bondo.

Chaka chino galimoto inabweranso, koma ulendo uno inatsogozana ndi thirakitala yokumba ngalande ndi lole ya simenti. Mabanja a kumunsi anauzidwa kuti alandira simenti ndi malata, amange nyumba zokwera maziko. Woyang'anira ntchitoyo anali mtsikana wa chipewa choyera, amene aliyense ankangomutcha Injiniya. Atafika pa a Levulo, anayeza ndi makina ake a miyendo itatu, n'kukhoma chikhomo pakati pa bwalo, kuseri kwa nyumba yakale. Kenako anapaka penti yofiira pa chikhomocho.

"Bambo, pansi pa nyumba yatsopano pafike pofiirapa," iye anatero.

A Levulo anamukokera ku chitseko n'kumuonetsa misomali. Mtsikanayo anaiyang'anitsitsa, anaiyeza, mpaka anaijambula.

"Izi ndi zothandiza kwambiri. Chikhomo changa chapitirira msomali wanu wapamwamba ndi chikhatho chathunthu."

"Chikhatho!" a Levulo anaseka chonyoza. "Mwanawe, misomaliyi ikukwera. Uliwonse uli pamwamba pa unzake. Madzi sawerenga mapepala ako."

"Ngalande ija ichotsa ambiri, bambo."

"Ngalande ija idzaza mapepala a shuga mwezi usanathe. Anthu a kuno ndimawadziwa."

Injiniya sanatsutse. Anatsegula fayilo yake n'kuyamba mafunso. Mumakhala angati? Awiri. Ana? Anakula, ali kwawo. Alipo amene amavutika kuyenda?

A Levulo anayang'ana kukhitchini, kumene akazi awo ankatsuka makapu atakhala pa kampando. Mayiwo mawondo anali atawavuta zaka zitatu. Akafuna kudzuka, ankayamba agwira khoma. Koma a Levulo anali atamvapo za mayina olembedwa m'mabuku a odwala, anthu n'kumabwera kudzakujambula ngati chinthu chogwa m'galimoto.

"Tonse tili bwino," anayankha. "Lemba choncho."

Ntchito inayamba m'chilimwe. A Levulo anakumba okha, anawaka okha, ndipo atafika pofiira paja sanaime. Anawonjezera mzere wa njerwa, wina, ndi winanso. Mizere itatu. Maziko anafika m'chiuno mwa munthu wamkulu.

Woyandikana nawo anali Telala, mwamuna wonenepa wosasowa chonena, amene nyumba yake inali chakumtunda pang'ono. Ankasokera pakhonde, ndipo makina ake akaima, pakamwa pake pankayamba.

"A Levulo! Kodi mukumanga nyumba kapena guwa la tchalitchi?"

"Soka mabatani, iwe."

"Ndikungofunsa, achimwene. Mukadzatiitana kudzamwa tiyi tidzabwere ndi makwerero?"

"Amene akuitana ndani?"

Kuti adzaze mkati mwa maziko aatali chonchowo, panafunika dothi losaneneka. A Levulo anaunjika dothi m'mbali mwa khoma, mu kampata ka pakati pa nyumba yakale ndi yatsopano, n'kupanga mtunda wautali wokwera pang'onopang'ono woti wilibala izidutsapo. Pamwamba anayala matabwa. Wilibala inakwera mtunda umenewo kambirimbiri. M'mawa uliwonse, cha m'ma teni, akazi awo ankakweranso pomwepo, dzanja lina kapu ya tiyi, lina litagwira khoma. Ankafika pamwamba, kukhala pa thumba la simenti, n'kumaloza ndi chibwano.

"Zenera la kuchipinda likhale loyang'ana ku msewu. Ndiziona odutsa."

"Mukufuna muziwerenga anthu ngati wapolisi?"

"Zaka zonsezi ndayang'ana khoma la Telala. Zakwana."

A Levulo anang'ung'udza, koma zeneralo analiika koyang'ana ku msewu.

Injiniya atabwera kudzaona maziko, anayeza, anayang'ana a Levulo, n'kuyezanso.

"Mwapitirira ndi mizere itatu."

"Yagwa?"

"Ayi, ndi yolimba kuposa zonse zimene ndaona."

"Ndiye vuto lili pati?"

Mtsikanayo analemba kanthu m'fayilo n'kupita. A Levulo tsiku limenelo anaimba mluzu mpaka madzulo.

Denga litakhomedwa, anachotsa matabwa aja, anafosholera dothi lonse kunja, n'kusesa kampata kaja mpaka kuyera. Malo anali ochepa, mapazi asanu ndi limodzi okha kuchoka pa khoma lina kufika pa linzake, choncho masitepe anawamanga oimirira, asanu, lililonse lalitali. Anawapaka pulasitala wosalala, makona ake akuthwa ngati a bokosi. Anaikapo levulo, kadontho ka m'kati mwake kanaima pakati penipeni.

Tsiku losamuka, anthu oyandikana nawo anathandiza kukweza bedi, kabati ndi tebulo. Zonse zitalowa, akazi a a Levulo anavala nsalu yawo yatsopano n'kubwera pa masitepe. Anaponda loyamba, atagwira phewa la amuna awo. Anakweza mwendo kufuna lachiwiri, bondo linakana. Anayesanso ndi mwendo winawo. Nkhope yawo inakwinyika, mpweya unatuluka m'mano. Anatembenuka pang'onopang'ono n'kukhala pansi pa sitepe loyambalo.

Anthu anayang'ana pansi. Ngakhale Telala anayang'ana kumbali.

"Nyumba ndi yokongola, bambo," mayiwo anatero. "Mwamanga bwino. Tsopano mundibwezere matiresi anga."

"Tikunyamulani. Amuna tilipo anayi pano," a Levulo anatero.

"Lero mundinyamula. Mawa ndikafuna kuchimbudzi muitananso anayiwa? Ndikafuna kukatenga tomato? Ine si thumba la simenti."

"Ndizikuberekani ine."

Mayiwo anaseka mpaka misozi. "Inuyo? Msana wanu uja wolira ngati chitseko? Tidzagwa tonse, Telala adzatisokera nsalu imodzi."

Matiresi anatsika. Madzulo amenewo katundu yense anagona m'nyumba yatsopano, youma ndi yokwera, eni ake anagona pansi m'nyumba yakale, kumunsi kwa misomali isanu ndi umodzi.

Anakhala choncho milungu iwiri. Kutentha kunakula, mitambo inayamba kusonkhana masana n'kubalalika madzulo. A Levulo ankadziwa bwino zimene zikubwera. Chaka chatha madzi atalowa, anawakweza mayiwo pa tebulo, n'kukhala pamenepo maola asanu miyendo ili lende. Chaka chino tebulolo linali kumwamba, ndipo mawondo anali ataipirapo. Anayesa kuika njerwa pakati pa masitepe kuti afupike, koma phazi linkasowa poponda. Anayesa kumanga chingwe chogwira. Mayiwo anafika pa sitepe lachiwiri n'kugona tsiku lonse ndi ululu.

A Levulo anakwiyira aliyense. Anakwiyira a kumtunda ndi mabwalo awo a simenti, anakwiyira a chipatala ndi mapiritsi awo oyera omwe aja, anakwiyira ndi wailesi yomwe chifukwa cholosera mvula yambiri. Koma akakhala okha pa sitepe, ankayang'ana mizere itatu ija n'kumatafuna mano.

Tsiku lina kunawaza kamvula kongonunkhiritsa fumbi. Akumwa tiyi, mayiwo analankhula osawayang'ana.

"Bambo, kodi muja munkamanga, tiyi ankakupezani bwanji kumwambako?"

"Munkabweretsa ndinu."

"Ndinkauluka?"

A Levulo anaika kapu pansi.

"Wilibala munaimangira njira yabwino," mayiwo anapitiriza. "Siinadandaule tsiku ndi limodzi lomwe. Ine ndimangodutsa nawo ngati wopempha. Mutamaliza, njira ya wilibala munachotsa, n'kumanga ya mbuzi."

"Bwanji simunanene nthawi yonseyi?"

"Inu mumamva munthu akamanena? Ndimadikira kuti mwina levulo ikuuzani."

M'mawa mwake wilibala inali kale pa ntchito. A Levulo ankabweza dothi lija mu kampata, thukuta lili kamukamu. Atathira mawilibala khumi ndi awiri, galimoto yolembedwa m'mbali inaima pa msewu. Injiniya anabwera kudzaona nyumba zomalizidwa. Anaima pa kampatako, n'kuyang'ana dothi, kenako masitepe, kenako khomo la nyumba yakale, pamene mayi anakhala pa kampando, miyendo itatambasulidwa, mawondo atakulungidwa nsalu.

"Moni, amayi. Simunasamuke?"

"Funsa amisiri, mwanangu."

Mtsikanayo anatsegula fayilo. Chala chake chinaima pa mzere wina.

"Eya, ndinanama," a Levulo anatero mokalipa, ngati wonamayo ndi wina. "Ndinati tonse tili bwino. Sindinafune kuti mkazi wanga alowe m'mabuku anu. Tsopano ndikukonza ndekha. Ukandinenere kumene ukufuna."

"Sindikukanenerani kulikonse, bambo. Funso lija linali loti tidziwe nyumba zofunika njira yotsetsereka m'malo mwa masitepe. Simenti yake ilipo, takhala tikuisunga. Koma pamene mukuthira dothipa sipangatheke."

"Pathekapo kale. Wilibala yadutsa apa miyezi itatu."

"M'chilimwe."

A Levulo anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma Injiniya anali atavula kale chipewa n'kupita pa mpopi. Anatunga ndowa yodzaza, anazungulira mpaka pa bwalo la Telala, n'kukhuthula madzi onse pansi. Anatunganso ina, ndi inanso. Madziwo anayenda mokhotakhota, anadutsa pansi pa mpanda, analowa mu kampata kaja, n'kugunda dothi la a Levulo. Pamenepo anaima, anatambalala, n'kuyamba kubwerera m'mbuyo, kulunjika pa khonde pamene panali makina osokera.

"Iii! A Levulo!" Telala anadzuka tepi ili m'khosi. "Mukufuna ndizisoka ndili m'bwato?"

"Madzi a mabanja anayi amadutsa mu kampata aka kupita ku ngalande," Injiniya anatero. "Mukatseka, apita kwa anzanu. Njira ya amayi ikhoza kukhala apa, koma madzi apatsidwe njira yawo pambali pake. Malo ake ndi pamene paima nyumba iyi."

Analoza nyumba yakale.

A Levulo anayang'anitsitsa madzi aja. Zikanakhala kuti mtsikanayo watulutsa pepala, akanamuthamangitsa. Koma iye anathira madzi pansi, monga momwe iwo eni ankachitira akamaliza kuwaka bafa, ndipo madziwo anaonetsa zonse anthu akuona.

Nyumba yakaleyo inali yoyamba kuimanga ndi manja awo, asanadziwe n'komwe kugwira levulo bwino. Khoma lakumbuyo linali lopendekeka pang'ono, ndipo ndi iwo okha amene ankadziwa. Ana awo onse anakwawira m'menemo. Maganizo awo anali oti aisiye, azisungiramo zida, ndipo masana azikagonamo akafuna kuthawa phokoso. Anayang'ana akazi awo.

"Musandiyang'ane ine," mayiwo anatero. "Ine ndakolopamo matope kasanu ndi kamodzi. Sindiilira."

A Levulo analowa m'nyumbamo. Anthu anamva akusuntha zinthu. Patapita kanthawi anatuluka ndi hamala yaikulu ndi chitsulo chozulira misomali.

"Felemu ya chitseko palibe aigwire," anatero. "Ndichotsa ndekha."

Ntchitoyo inatenga masiku asanu ndi anayi, mitambo ikuopseza tsiku ndi tsiku. Mabanja anayi aja anabwera onse, poti madziwo anali awo. Amuna ankagwetsa makoma, akazi ankapala njerwa zakale n'kuziunjika. Mayi anakagona kwa akazi a Telala, ndipo a Levulo anapirira kumva Telala akuuza aliyense wodutsa kuti tsopano akusunga mkazi wa mmisiri wamkulu, amene wamanga nyumba yoti mkazi wake azingoiona ngati chithunzi.

Injiniya ankabwera m'mawa uliwonse. Anamanga chingwe kusonyeza kutsetsereka kwake, a Levulo n'kuchitsitsa pang'ono iye atatembenuka.

"Bambo, mwagwira chingwe changa."

"Mawondo ake ndimawadziwa ndine, osati makina ako."

Mtsikanayo anayeza, n'kugwedeza mutu. "Chabwino. Koma dziwani kuti mizere yanu itatu ija yatalikitsa njirayi ndi mamita atatu. Ikhotera kuseri."

"Ikhote. Kuyenda n'kwabwino kwa munthu wamkulu."

Njerwa za nyumba yakale zinalowa m'makoma a njirayo, zidutswa zake zinadzaza mkati. Pamwamba a Levulo sanasalaze. Anadutsitsa tsache pa simenti yaiwisi kuti pakhale timizere, phazi lisaterereke. M'mbali anaika paipi yakale ya madzi yogwirira, ataiyeza pa chigongono cha akazi awo. Pamene panali nyumba yakale anakumba kangalande koyalidwa miyala, kolunjika ku ngalande yaikulu. Felemu ija anaiimika pa khoma la maziko atsopano, phazi lake pa msinkhu womwe linali kale, n'kuikhomerera.

Simenti inali itauma masiku atatu pamene mvula yeniyeni inabwera. Inali nthawi ya masana, anthu atangomaliza kudya. Kumtunda kunada bii, mphepo inanyamula mapepala m'misewu, ndipo madontho oyamba anamenya malata ngati miyala. A Levulo anathamangira kwa Telala.

"Mayi, tiyeni!"

"Musandikoke. Ndiyenda ndekha."

Anayenda okhadi. Dzanja pa paipi, phazi ili, phazi linalo, amuna awo ali pambuyo ndi ambulera imene mphepo inkaitembenuza. Pokhota anaima kupuma.

"Apa ndi pa mizere yanu itatu paja?"

"Yendani, mukunyowa."

"Ndikufuna ndipadziwe bwino. Ndizipumira pomwepa tsiku lililonse, n'kumakukumbukirani."

Anafika pakhonde, analowa, n'kuzungulira zipinda zonse akugwira makoma. Kenako anakokera mpando pa zenera loyang'ana ku msewu n'kukhala.

Mvula inagwa maola atatu osapuma. Msewu unasanduka mtsinje wofiira wonyamula mabotolo, nthambi ndi nsapato imodzi. Ngalande yaikulu inadzaza, inasefukira, madzi n'kubwerera m'mabwalo. A Levulo anaima pakhonde, kuyang'ana pansi. Madzi anakwera pa felemu ija, anamiza msomali woyamba, wachiwiri, wachitatu. Pa wachinayi anaima. Anakhala pamenepo kanthawi, kenako anayamba kutsika, kangalande ka miyala kaja kakuwakoka mwaphokoso. Kwa Telala anangonyambita sitepe la khonde.

Dzuwa lisanalowe kunayera. A Levulo anatsika ndi hamala, n'kukhoma msomali wachisanu ndi chiwiri pa mzere wa matope. Kanali koyamba kuti msomali watsopano ukhale pansi pa unzake.

"A Levulo!" Telala anakuwa ali pa mpanda, buluku atapinda. "Madzi ngakhale pofiira pa mtsikana uja sanafikepo! Mizere yanu itatu yagwira ntchito yanji?"

"Chaka chino," a Levulo anatero. "Mvula siinathe kumwamba. Ndipo mawa m'mawa ubwere ndi fosholo, ngalande ija yadzaza zinyalala zanu zomwe ndinanena."

Anakwera pa masitepe awo asanu, poti sanawagwetse, ndipo analumbira kuti aziwagwiritsa ntchito okha mpaka tsiku limene adzalephere. Pa lachinayi bondo lakumanzere linalira. Anaima, anayang'ana uku ndi uku ngati wina waona.

"Ndamva," mawu anachokera pa zenera. "Njira ilipo, bambo. Wilibala siikaniza."

A Levulo anamaliza sitepe lotsalalo, anapukuta mapazi pa chiguduli, n'kulowa. M'nyumba munali mouma, mukununkhira simenti yatsopano. Ketulo inali itayamba kale kulira pa mbaula, ndipo akazi awo, chigongono pa zenera, ankawauza mmodzimmodzi anthu amene ankadutsa mu msewu atanyamula nsapato m'manja.